Usodzi wa m'midzi ya a Inuit: mafunso ndi mayankho

Munthu wokulira m'mbali mwa nyanja yofunda akamva zoti kwina anthu amaboola madzi ouma gwa ngati thanthwe n'kutsitsa mbedza mamita mahandiredi pansi, amayamba waseka kaye, mafunso n'kumabwera pambuyo. Amene ali m'munsiwa ndi omwe sachedwa kutuluka nkhaniyi ikayambika. Mayankho ambiri akunena za Nunavut, kumpoto kwa Canada, koma apa ndi apo tidutsa ku Labrador, ku Nunavik ndi ku Greenland.

Kodi a Inuit ndi ndani, ndipo midzi yawo ili kutali motani?

Ndi eni nthaka a kumpoto kwenikweni kwa Canada, Greenland ndi Alaska. Munthu mmodzi amatchedwa Inuk, ndipo dzina lakale lija la Eskimo ambiri a iwo salifuna. Kalembera wa 2021 anapeza a Inuit oposa 70,000 ku Canada, ndipo kwawo kuli zigawo zinayi: dera la Inuvialuit kumadzulo, Nunavut pakati, Nunavik kumpoto kwa Quebec, ndi Nunatsiavut kumpoto kwa Labrador.

Nunavut inaima payokha pa 1 April 1999. Kukula kwake, Malawi angalowemo maulendo 17 malo n'kutsalabe, koma anthu ake pa kalembera yemweyo sanafike 40,000, ndipo amwazikana m'midzi 25. Palibe msewu wochoka mudzi wina kupita mudzi wina. Katundu wolemera monga mafuta, simenti ndi magalimoto amabwera pa sitima m'miyezi yochepa imene nyanja yasungunuka. China chilichonse n'cha pa ndege. Gwiritsitsani mfundo imeneyi, chifukwa pafupifupi vuto lililonse lomwe titchule likuchokera pamenepa.

Kumalo kozizira choncho, nsomba zake n'zotani?

Ziwiri ndizo zasenza nkhani yonse. Yoyamba ndi Arctic char, ya m'banja la salmon, ya mnofu wofiirira, imene eni ake amangoti iqaluk. Miyezi yozizira imakhala m'nyanja za kumtunda zopanda mchere. Ayezi akasweka cha mu June kapena July imatsika ndi mtsinje kukadya kunyanja ya mchere kwa milungu yowerengeka, ndipo pofika August ndi September imakhala ikukweranso. Amene anaonapo mpasa ukukwera mtsinje wa Bua savutika kumvetsa kuti nsomba yotere imagwidwira pati ndiponso kuti n'kosavuta kuitheratu. Dzina la likulu la Nunavut, Iqaluit, limanena za malo a nsomba zambiri, ndipo Cambridge Bay eni ake amati Iqaluktuuttiaq, malo abwino ophera nsomba.

Yachiwiri ndi turbot, yomwe ena amati Greenland halibut: yathyathyathya, yamafuta, yokhala pansi penipeni pa nyanja, nthawi zambiri mamita oposa 600. Msika wake waukulu uli ku Asia. Kutali ndi gombe kulinso shrimp, tizamoyo ta m'madzi ta mtundu wa nkhanu, ndipo midzi ina monga Sanikiluaq ndi Qikiqtarjuaq ili ndi tizamoyo ta m'zigoba ta pansi pa nyanja timene anthu amadya kuyambira kale.

Munthu amawedza bwanji nyanja itauma?

Malo oonera bwino ndi Pangnirtung, mudzi wa anthu pafupifupi 1,500 pa chilumba cha Baffin, m'mbali mwa chigawo cha nyanja chotchedwa Cumberland Sound. Nyengo yake imayamba ayezi akalimba, cha mu January kapena February, n'kutha cha mu April kapena May.

Msodzi amamangirira qamutiik, chileyi chachitali cha matabwa, kumbuyo kwa njinga yamoto yoyenda pa chipale. Pachileyipo pamakhala kanyumba ka mapulanga kogonamo, mafuta, chitofu, zingwe ndi makina okokera. Amayenda makilomita makumi angapo pamwamba pa nyanja mpaka pamalo pomwe akudziwa kuti pansi n'pakuya, n'kuboola dzenje. Kuzizira kumatha kufika madigiri 30 kunsi kwa ziro, moti akasiya dzenjelo kanthawi pamwamba pake pamayamba kuumanso.

Luso lenileni lili pa kachitsulo kopyapyala konga kaiti kamene amamangirira kunsonga kwa chingwe. Mukangoponya chingwe cha mbedza zambiri m'dzenje, chimakaunjikana pamalo amodzi pansi. Kachitsuloko sikamira molunjika: kamatsetsereka cham'mbali m'madzimo, kakukoka chingwe, mpaka mbedza zonse, zana kapena kuposerapo, iliyonse ndi nyambo yake, zitayalika pansi pa nyanja kutali ndi dzenjelo. Msodzi amalowa m'kanyumba kumwa tiyi, chingwe chikugona kwa maola angapo. Kenako kukoka. Kale ankapukusa ndi manja, ndipo chingwe cha mamita mahandiredi ambiri chokhala ndi nsomba si masewera. Masiku ano ambiri ali ndi makina. Nsomba ikangotuluka amaitumbula msanga isanaume, pakuti mphepo yokhayo ndi firiji. Chileyi chikadzaza, ulendo wa ku fakitale ya Pangnirtung Fisheries, kumene amakayeza pa sikelo n'kulipidwa.

Chokoma cha usodzi umenewu n'chakuti zida zake zazikulu, njinga ndi chileyi, ndi zomwe mlenje ali nazo kale. Safunika ngongole ya sitima. Munthu akhoza kuwedza milungu iwiri, n'kupeza za mafuta ndi zipolopolo, n'kupita kukasaka nyama ya banja lake.

Kodi zimenezi n'zamakolo?

Za char n'zamakolo ndithu. Ankamanga biyo la miyala pamtsinje, lotchedwa saputi, n'kumabaya nsomba ndi kakivak, mkondo wa nsonga yapakati ndi nyanga ziwiri zopanira m'mbali. Amayi ankang'amba nsomba ndi ulu, mpeni wawo wokhota ngati mwezi, n'kuziyanika pamphepo, ndipo mpaka lero amatero.

Za turbot ku Pangnirtung n'zatsopano. Mu 1983 mayiko a ku Ulaya analetsa zikopa za ana a nyama ya m'nyanja yotchedwa seal. Ngakhale kuti a Inuit sankapha tianato, msika wonse wa zikopa unagwa, ndipo mabanja amene ankadalira zikopa kuti agule mafuta ndi zida anangoti kakasi. Mu 1986 kunabwera asodzi a ku Greenland, a Inuit anzawo, kudzaphunzitsa anthu a ku Pangnirtung kawedzedwe ka pansi pa ayezi kaja. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ankapha matani oposa 400 pa nyengo yabwino. Mu 2005 dera la mkati mwa Cumberland Sound linapatsidwa mlingo wakewake wa matani 500 pachaka, wa mudziwo.

Anthu ndi ochepa, nyanja ndi yaikulu. Kusamala konseku n'kwa chiyani?

Chifukwa nsomba ya m'madzi ozizira siifulumira. Char ya kumpoto kwenikweni imatha kufika zaka pafupifupi khumi isanaikire mazira koyamba, ndipo ikayamba siikira chaka chilichonse. Turbot nayo imakula mwapang'onopang'ono. Usipa ungathe kuchepa chaka chino n'kudzaza chaka chamawa. Char mukaipha mopitirira, mudikira ana anu akule.

Si nkhambakamwa. Mtsinje wa Sylvia Grinnell, umene uli pakhomo penipeni pa Iqaluit, unali ndi usodzi wa malonda kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, n'kuyambiranso kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Nsomba zinayamba kuchepa, zogwidwa zikunka zichepera msinkhu, mpaka usodziwo unatsekedwa m'zaka za m'ma 1960. Patapita zaka makumi angapo akatswiri ankapezabe kuti nsomba za mumtsinjewo sizinabwerere pa msinkhu wake wakale. Ndipo aliyense ku Canada amakumbukira July 1992, pamene boma linatseka usodzi wa cod ku Newfoundland, anthu pafupifupi 30,000 ntchito n'kuwathera nthawi imodzi. Nsomba imeneyo anthu anali ataipha kwa zaka pafupifupi 500 akuyesa kuti singathe.

Ku Greenland, kumene nsomba ndi shrimp zimabweretsa ndalama zoposa 90 pa 100 zilizonse za malonda akunja, akatswiri akhala akuchenjeza kuti turbot za ku Disko Bay, kufupi ndi Ilulissat, zikunka zichepa msinkhu. Kumeneko mabwato ang'onoang'ono ndi ambiri ndipo aliyense ali ndi banja lodyetsa, choncho andale amavutika kutsitsa mlingo. Phunziro lake n'lowawa: usodzi wa anthu wamba nawonso ungathe kumaliza nsomba. Kukhala mwini dera sikuchulukitsa mazira.

Amene amanena kuti aphe zingati ndi ndani?

Maziko ake ndi pangano la Nunavut Agreement la mu 1993, pakati pa a Inuit ndi boma la Canada. Panganolo linakhazikitsa bungwe la Nunavut Wildlife Management Board, la anthu asanu ndi anayi: anayi osankhidwa ndi mabungwe a a Inuit, anayi osankhidwa ndi maboma, ndi wapampando. Mudzi uliwonse uli ndi bungwe la alenje, Hunters and Trappers Organization, lomwe limayang'anira mamembala ake ndi kupereka maganizo a mudzi. Unduna wa boma, Fisheries and Oceans Canada, ndiwo umabweretsa akatswiri ndi kupereka ziphaso.

Chofunika kwambiri ndi ndondomeko ya kagawidwe. Choyamba n'kuonetsetsa kuti nsombazo zisathe. Chachiwiri ndi mphika wa a Inuit, ndipo Inuk wophera banja lake safunika chiphaso. Zotsala ndizo zimapita kwa ogulitsa ndi alendo owedza mongosangalala.

Koma tisanamizane kuti mphamvu n'zofanana. Mawu omaliza ndi a nduna ku Ottawa, likulu la Canada, ndipo kunja kwa malire a mamailosi 12 kuchokera pagombe bungwe lija la anthu asanu ndi anayi limangolangiza. Mu 1997 bungwe la a Inuit, Nunavut Tunngavik Incorporated, linakokera nduna kukhoti pa kagawidwe ka turbot ya ku Davis Strait, nyanja ya pakati pa Baffin ndi Greenland, ndipo khoti linagamula kuti ndunayo sinalabadire mokwanira zoti anthu oyandikana ndi madziwo ayenera kuganiziridwa mwapadera. Chinanso chochititsa manyazi n'chakuti kwa zaka zoposa 20 Nunavut itaima payokha, usodzi wake unkayendetsedwabe ndi malamulo akale a ku Northwest Territories, olembedwa panganolo lisanakhaleko.

Mudzi ukafuna kuyamba kugulitsa char ya pamtsinje wina, umayamba pati?

Umapempha chiphaso choyesera, cha mlingo wochepa. Kwa zaka zisanu asodzi amapha ndi matchera a maso aakulu, mamilimita 139, kuti zazing'ono zizidutsa, ndipo chaka chilichonse amapatula nsomba pafupifupi 200 zoti ziyezedwe.

Kuyeza kwake n'kotopetsa. Munthu wakhala pagombe, zala zili zii ndi kuzizira. Atenga nsomba, aiika pa thabwa la manambala, alemba kutalika. Aikoloweka pa sikelo. Aitumbula kuona ngati ili yaimuna kapena yaikazi, ndiponso ngati ili ndi mazira. Kenako ang'amba mutu n'kutulutsa ndi kachitsulo kopanira timiyala tiwiri toyera ta m'khutu, tosaposa njere ya mpunga, n'kutiika m'kaenvulopu kolembedwa nambala. Timiyalato tili ndi mizere ngati ya pachitsa cha mtengo, mzere umodzi chaka chimodzi. Zaka zisanu zikatha, akatswiri amaona ngati nsomba zokalamba zikuchepa. Ngati zilipobe, mtsinjewo ungathe kupatsidwa mlingo wokhazikika.

Chifukwa choyezera mtsinje uliwonse pawokha n'chakuti char zambiri zimabwerera kukaswana kumene zinabadwira. Mtsinje uwu ungakhale ndi zambiri, wapafupi uli pa ngozi. Vuto lake n'lakuti mitsinje ndi mahandiredi, akatswiri ndi ochepa, ndipo ulendo umodzi wa ndege umadya ndalama zambiri. Midzi ina yakhala pa chiphaso choyesera zaka zoposa zisanuzo, manambala akuunjikana kudikira wowawerenga. N'chifukwa chake ntchito yoyeza ikupita m'manja mwa anthu a m'mudzi momwemo, omwe amaphunzitsidwa n'kumalipidwa. Kwa ine imeneyi ndiyo ndalama yogwira ntchito kwambiri pa nkhani yonseyi.

Nanga nzeru za akuluakulu zimamveka, kapena amangowaitana kudzajambulitsa?

Zonse ziwiri zimachitika. Nzeruzo amazitcha Inuit Qaujimajatuqangit, ndipo mabungwe amayenera kuzimva popanga ziganizo. Boma la Nunavut lakhala likuyenda mudzi ndi mudzi ndi mapu, akuluakulu akuloza pamene pamapezeka chamoyo chakuti m'mwezi wakuti. Lilinso ndi sitima yofufuzira yotchedwa Nuliajuk, dzina la mayi wa pansi pa nyanja wa m'chikhulupiriro cha makolo awo, amene amati amabisa nyama anthu akapanda ulemu.

Chitsanzo chogwira mtima n'cha ku Pangnirtung konkuja. Asodzi ankanena kuti turbot zimene amapha pa ayezi mkati mwa Cumberland Sound zimasamukira chakukamwa kwa nyanjayo m'chilimwe, kunja kwa mzere umene boma linajambula, komwe sitima zazikulu zikanatha kuzipha. Ankafuna mzerewo usunthe. M'zaka za m'ma 2010 akatswiri a bungwe lofufuza la Ocean Tracking Network anaika timakina tolira m'mimba mwa nsombazo, n'kutchera zomvera pansi pa nyanja. Zinapezeka kuti nsombazo zimadutsadi mzerewo. Mzere unasuntha. Mawu a akulu akoma akagonera, koma munthu umafunsabe kuti n'chifukwa chiyani anayenera kudikira makina kuti awavomereze.

Kugulitsa nsomba kunja sikulanda ndiwo pakamwa pa ana?

Funso limeneli ndi lomwe limagawa anthu m'misonkhano ya m'midzi. Kafukufuku wa zaumoyo wa a Inuit wa mu 2007 ndi 2008 anapeza kuti pafupifupi mabanja 7 pa 10 alionse ku Nunavut ankasowa chakudya chokwanira, m'dziko lolemera ngati Canada. Zakudya za m'sitolo zimabwera pa ndege ndipo mitengo yake ndi yoboola m'thumba, ngakhale kuti boma limathandizira kudzera mu ndondomeko ya Nutrition North Canada kuyambira 2011.

Pachikhalidwe chawo chakudya cha m'tchire ndi m'madzi sachigulitsa, amagawana. Wobwera ndi nsomba amapatsa makolo, amasiye ndi achibale, ndipo masiku ano ena amangolengeza pa wailesi ya mudzi kapena pa Facebook kuti ofuna abwere ndi mapepala apulasitiki. Akuluakulu ena amaona kuika mtengo pa char ngati kugulitsa ulemu. Achinyamata amayankha kuti mafuta a njinga sagawidwa ulere.

Turbot ilibe mkangano waukulu chifukwa ku Baffin sinali ndiwo yodalirika ya makolo. Pa char njira zapakati zilipo. Ku Nunavik, pangano la James Bay and Northern Quebec Agreement la mu 1975 linabala ndondomeko yogula nyama ndi nsomba kwa alenje n'kuzigawa ulere kwa anthu a m'mudzi: msodzi walipidwa, gogo wadya. Midzi yambiri, kuphatikizapo Nain ku Labrador, ili ndi mafiriji a mudzi wonse komwe wosowa amakatenga. Ndipo char yambiri yokonzedwa ku fakitale ya Kivalliq Arctic Foods ku Rankin Inlet imagulidwa ndi anthu a ku Nunavut komweko, kuphatikizapo youma ija amati pipsi.

Kodi bizinesi yake imapindula?

Movutikira. Cambridge Bay ndiyo yakhalitsa: usodzi wa malonda wa char unayamba mu 1960. Asodzi amakamanga misasa pa mitsinje monga Ekalluk, Halovik ndi Jayko, uliwonse ndi mlingo wake, ndipo ndege yotera pamadzi ndiyo imanyamula nsomba zotumbula kale kupita nazo ku fakitale ya Kitikmeot Foods. Kuchoka pamenepo ndege ina kupita kummwera. Zonse pamodzi ndi matani makumi angapo chabe pachaka. Magetsi oyendetsera mafiriji ndi a jenereta ya dizilo, dizilo wake wobwera pa sitima. Kummwerako akukapikisana ndi salmon ndi char za m'madamu, zotsika mtengo ndiponso zopezeka chaka chonse.

Choncho amagulitsa dzina: Truly Wild Arctic Char, nsomba ya m'chilengedwe yophedwa ndi a Inuit. Mafakitale a ku Cambridge Bay ndi Rankin Inlet ali pansi pa Nunavut Development Corporation, kampani ya boma imene cholinga chake ndi ntchito za anthu, osati phindu lokha. Wowerengera mabuku angati akutaya ndalama. Koma m'mudzi mmene ntchito zolipidwa ndi za boma, sukulu ndi sitolo basi, malipiro a milungu ingapo pa fakitale amasintha chaka cha banja. Ku Labrador anasankha njira ya kopaletivi: Torngat Fish Producers Co-operative, ya asodzi eni ake, ili ndi mafakitale ku Nain ndi ku Makkovik, ndipo yakhalapo kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980.

Timamva kuti a Inuit ali ndi sitima zikuluzikulu. Umenewonso ndi usodzi wa mudzi?

Umwini wake ndi wa midzi, koma ntchitoyo imachitikira kutali. Ndalama zambiri za usodzi wa Nunavut zimachokera ku turbot ndi shrimp za ku Baffin Bay ndi Davis Strait, zophedwa ndi sitima zokhala ndi fakitale mkati momwemo. Baffin Fisheries inayamba mu 2001 ndipo eni ake ndi mabungwe a alenje a midzi isanu. Kampani ya a Inuit ya Qikiqtaaluk Corporation inatcha sitima yake Saputi, dzina la biyo lija. Arctic Fishery Alliance ndi ya midzi inayi ing'onoing'ono: Qikiqtarjuaq, Arctic Bay, Resolute Bay ndi Grise Fiord, mudzi wa kumpoto kwambiri m'Canada yense, wa anthu osafika 200. Ku Nunavik, bungwe la a Inuit la Makivvik nalo lili ndi chiphaso cha shrimp.

Phindu limabwerera ku mabungwe a alenje, ndipo lina lalipirira kafukufuku wofuna nsomba kufupi ndi midzi. Sitima ya Arctic Fishery Alliance yotchedwa Kiviuq I yagwira ntchito imeneyi limodzi ndi akatswiri a Marine Institute ya ku Newfoundland. Koma madandaulo alipo ndipo ndi omveka. A Inuit ambiri m'sitimamo ali kuchipinda chokonzera nsomba, pamene maudindo a ukaputeni ndi uinjiniya ali ndi anthu ochokera kummwera. Bungwe la Nunavut Fisheries and Marine Training Consortium lakhala likuphunzitsa achinyamata kuyambira 2005, koma mapepala a ukaputeni amafuna zaka zambiri panyanja, ndipo si aliyense angasiye ana ndi makolo kwa milungu yambirimbiri. Dandaulo lachiwiri n'lakuti kumpoto, ku Baffin Bay, gawo lonse la turbot la Canada ndi la Nunavut, koma kummwera kwake ndi pa shrimp gawo lalikulu likadali la makampani a m'zigawo zina.

Ndiye chosowa kwambiri n'chiyani?

Doko. Nunavut ili ndi gombe lalitali kuposa chigawo china chilichonse cha Canada, koma mpaka 2013 inalibe ngakhale doko limodzi la boma la mabwato a asodzi, pamene zigawo za kummawa zili ndi mahandiredi. Loyamba linatsegulidwa chaka chimenecho ku Pangnirtung. Lisanamangidwe, msodzi ankayenera kuwerengera nthawi ya madzi: nyanja ikaphwa bwato limatsala pa matope ndi miyala, nsomba zikudikira. Ku Iqaluit, kumene madzi amakwera ndi kutsika mamita pafupifupi 11, sitima zinkaima kutali katundu n'kumatutidwa pa zombo zing'onozing'ono mpaka doko lakuya litatsegulidwa mu 2023.

Zotsatira zake n'zopweteka. Sitima ya a Inuit, itadzaza nsomba za m'madzi a a Inuit, imakatsitsa katundu ku Nuuk ku Greenland kapena ku Newfoundland. Otsitsa katundu, ogulitsa mafuta, okonza injini, osunga m'mafiriji, onsewo amadyera kwina. Anthu a ku Qikiqtarjuaq, mudzi woyang'anana ndi madzi ophera turbot, apempha doko lakuya kwa zaka zambiri, ndipo mu 2021 boma la Canada linalengeza ndalama zoyambira ntchitoyo. Pangano la mu 2019 lokhudza malo otetezedwa a panyanja otchedwa Tallurutiup Imanga linalonjezanso madoko ku Arctic Bay, Clyde River, Grise Fiord ndi Resolute Bay. A Inuit anachita kunena poyera kuti ngati boma likufuna nyanja yotetezedwa, libweretse madoko ndi ntchito za alonda a m'deralo, omwe amatchedwa Nauttiqsuqtiit. Kumeneko ndiye kudziwa kutsatsa.

Si doko lokha. Mudzi wopanda firiji yaikulu, makina opangira ayezi woyera ndi chipinda chovomerezedwa ndi oyendera zakudya sungatumize nsomba kunja kwa Nunavut, ngakhale zitachuluka chotani.

Kutentha kwa dziko kukuwakhudza bwanji?

Kafukufuku wa mu 2022 anasonyeza kuti kuyambira 1979 dera la Arctic, la kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, latentha mofulumira pafupifupi kanayi kuposa dziko lonse. Kwa msodzi wa pa ayezi, ndiye kuti pansi pomwe waponda ndi pomwe pakusintha. Ku Pangnirtung zinaoneka kale: kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1990 kunabwera zaka zimene ayezi ankachedwa kulimba kapena kusweka mwadzidzidzi n'kupita ndi zida za anthu. Ambiri anasiya, ndipo zaka zina za m'ma 2000 nsomba zofika ku fakitale zinali zongowerengeka poyerekeza ndi kale. Pambuyo pake zinadzakweranso, koma mudziwo unaphunzira kusadalira ayezi yekha, n'kuyamba kuyesa kupha turbot pa mabwato m'chilimwe.

M'madzimo namo mwalowa alendo. Kansomba kotchedwa capelin kachuluka ku Cumberland Sound, char zikukadya, ndipo anthu akuti mnofu wa zina wayamba kutuwa, zomwe zimakhudza mtengo pamsika wokonda kufiira. Kumadzulo, salmon za ku Pacific zikukodwa m'matchera omwe kale munkangokodwa char.

Pa za chitetezo, bungwe la SmartICE, limene linayambira ku Nain, limaphunzitsa anthu a m'midzi kuyeza kukhuthala kwa ayezi ndi makina okokedwa pa chileyi, n'kujambula mapu a njira zoopsa. Pali pulogalamu ya pafoni yotchedwa SIKU, kutanthauza ayezi wa panyanja, imene alenje amalemberana zomwe aona panjira.

Akuti pali shaki imene imavutitsa?

Greenland shark. Imatsata fungo la nyambo, kudya turbot zokodwa, n'kudzikulunga m'chingwe, ndipo ikafika padzenje ndi chinthu cha mamita atatu kapena anayi choti msodzi alimbane nacho yekha. Kale ambiri ankangoipha kuti apulumutse mbedza. Kenako mu 2016 akatswiri anayeza maso a shaki zimenezi n'kupeza kuti yaikulu kwambiri inali ndi zaka zosachepera 272, mwinanso pafupifupi 400, ndipo zazikazi zimayamba kubereka zitafika cha m'ma 150. Tsopano akulimbikitsa kuimasula yamoyo ndi kuyesa zingwe za mbedza zimene shaki ingadule n'kumapita. Msodzi amene manja akuuma akumasula chilombo chokalamba kuposa dziko la Canada ali ndi ufulu wong'ung'udza.

Pali chofanana ndi kwathu kuno?

Pang'ono. Chambo chitachepa kwambiri ku Lake Malombe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, boma linayambitsa makomiti a m'madoko kuti asodzi azitenga nawo mbali, ndipo ku chilumba cha Mbenji ku Salima ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi m'dzinja kuyambira zaka za m'ma 1950. Kusiyana kwake, ufulu wa a Inuit uli m'pangano lotetezedwa ndi malamulo aakulu a dziko, moti nduna ikalakwa amaitengera kukhoti. Komanso vuto lathu ndi kuchuluka kwa maukonde, pamene lawo ndi mtunda.

Nanga nyanja ya pamwamba penipeni pa dziko ikasungunuka, sitima za mayiko ena sizidzakhamukirako?

Pakadali pano ayi. Mu October 2018 ku Ilulissat, Canada, United States, Russia, Norway, Denmark m'malo mwa Greenland ndi Faroe Islands, China, Japan, South Korea, Iceland ndi European Union anasainirana kuti pasakhale usodzi wa malonda pakatikati pa nyanja ya Arctic, kunja kwa malire a mayiko, mpaka akatswiri adziwe zimene zili m'madzimo. N'zachilendo kutseka usodzi usanayambe n'komwe. Nthumwi za Inuit Circumpolar Council, bungwe la a Inuit a m'mayiko osiyanasiyana, zinali nawo pa zokambiranazo, ndipo panganolo limatchula nzeru za eni nthaka pambali pa sayansi. Linayamba kugwira ntchito mu June 2021 kwa zaka 16, kutanthauza mpaka 2037, kenako lizidzapitirira zaka zisanuzisanu pokhapokha dziko lina litakana.